LUSO LA MANJA: Musanagule Makina Opopera Vanishi

Sabata ino tiyankha kalata imene yatipeza kucokera kwa kagulu ka amisiri a matabwa a m'boma la Lundazi. Iwo alipo asanu ndi mmodzi, ndipo nchito yao ndi yokhoma zitseko, mabedi, makabati ndi mabokosi a maliro. Atiuza kuti asonkha ndalama kwa zaka ziwiri, ndi kuti afuna kuonjezerapo ngongole kuti agule makina opopera vanishi, cifukwa mmodzi wa iwo anapita ku Lusaka naona mipando yonyezimira ngati galasi, pamene yao imaoneka mizere ya burashi. Wamalonda wina anawaonetsa zithunzi za makina a mitundumitundu, ena okwana m'thumba, ena aatali ngati basi, ndipo tsopano mitu yao yaima. Afunsa kuti agule ati. Acita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Funso limeneli labwera pa nthawi yake. M'caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, ndipo ana anadzaza m'makalasi kotero kuti ambiri anali kulembera pa maondo atakhala pansi. M'caka comweco ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo pofika 2025 zinali K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi linapita ku madesiki, ndipo Boma linalimbikitsa kuti madesikiwo azikhomedwa ndi amisiri a m'dera lomwelo. Kuyambira 2018 Lundazi wakale uja anagawidwa patatu, Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, ndipo konseko kuli masukulu. Mmisiri amene kale anali kukhoma zitseko ziwiri pa sabata angathe kufunsidwa madesiki zana limodzi pa mwezi. Apa ndi pamene burashi imayamba kuoneka yocedwa. Koma tikumbuke kuti mlandu suola, ndipo ngongole nayonso siola. Makina akagona m'nyumba osagwira nchito, tsiku lobweza silicedwa kufika.

Luso lopopera silinayambire pa matabwa. M'caka ca 1888 sing'anga wina wa ku Toledo ku America, dzina lake Allen DeVilbiss, anapanga kacipangizo kopopera mankhwala pakhosi pa odwala, ndipo m'caka ca 1907 mwana wake Thomas anakakuza kuti kazipopera penti. Oyamba kukondwera nako anali opanga mipando ndi opanga magalimoto. Nzeru yake ndi imodzi kufikira lero: mpweya wothamanga umakumana ndi vanishi pa kabowo kakang'ono, numuphwanya kukhala nkhungu, ndipo nkhunguyo imakagwa pa thabwa. Cipangizo cogwira kumanja amisiri amacicha mfuti, ndipo cimene cimaunjika mpweya m'thanki ndi kompulesa.

Tsono mvetsani cinthu cimene wamalonda sanakuuzeni. Burashi imafikitsa pa thabwa pafupifupi vanishi yense amene mwaviika. Mfuti sitero. Mfuti ya mtundu wakale, imene imafuna mpweya wokankha ndi mphamvu ya bar 3 kapena 4, imamwaza nkhungu yambiri imene imadumpha pa thabwa ndi kuuluka ndi mphepo. Pa malita 10 a vanishi, amene amakhala pa thabwa ndi ngati malita 3 cabe. Enawo amapita pa khoma, pa zobvala, pa masamba a mango ndi m'cifuwa ca mmisiri. Mfuti zimenezi n'zochipa, ndipo ndizo zimene zimapezeka msanga m'masitolo, koma kuchipa kwake mumakulipira mwezi ndi mwezi pogula zitini.

Pali mtundu wina wolembedwa malembo akuti HVLP. Umenewu umagwiritsa nchito mpweya wambiri koma wofatsa, wosapitirira bar 0.7 potuluka kumlomo kwa mfuti, ndipo unapangidwa kuti pa malita 10 aja, 6 ndi theka kapena kuposerapo afike pa thabwa, ngati dzanja la mmisiri lili lodziwa. Kwa munthu amene vanishi wake amayenda makilomita 180 kucokera ku Chipata, kapena 750 kucokera ku Lusaka, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Ine ndikadakhala pa kagulu kanu, maso anga akadakhala pa mtundu umenewu.

Koma walira mvula walira matope. Mfuti ya HVLP imadya mpweya, kawirikawiri malita 250 kufikira 400 pa mphindi imodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Amasankha mfuti yokongola, kenaka n'kugula kompulesa yaing'ono ya thanki ya malita 24 kapena 50 cifukwa ndiyo yakwana ndalama zotsala. Pa bokosi la kompulesa yotere pamalembedwa nambala yaikulu, mwina malita 200 pa mphindi, koma imeneyo ndi ya mpweya umene imakoka, osati umene imapereka. Umene umafikadi ku mfuti umacepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa. Cotero mumayamba bwino pamwamba pa citseko, koma pofika pakati mpweya watha, mfuti yayamba kulabvula madontho, ndipo vanishi akauma amaoneka wokakala ngati khungu la lalanje. Mumaima kudikira kuti thanki idzaze, pamene mbali imene munapopera kale yayamba kuuma, ndipo polumikizira pamatsala cipsera. Kompulesa nayonso imalira kosapumula, imatentha, ndipo simatha caka.

Thanki yaikulu si mankhwala a bvuto limeneli. Thanki ili ngati nkhokwe: ingakhale yaikulu cotani, ngati munda ndi waung'ono idzatha. Funsani wogulitsa kuti kompulesayo imapereka malita angati pa mphindi pamene mfuti ili kugwira nchito, nambala imene m'mabuku ake imalembedwa FAD. Ngati nambalayo yalembedwa mwa cfm, cfm imodzi ndi malita 28. Nambala imeneyi iyenera kuposa imene mfuti ifuna, ndipo pakhale ndi malo opumira. Kompulesa yoyenda ndi lamba, ya mahosipawa 3 ndi thanki ya malita 100 kapena 150, ndiyo imayamba kukwanira mfuti imodzi ya HVLP ya njala yocepa. Ngati thumba silifika pamenepo, cepetsani mfuti m'malo mobvutitsa kompulesa: pali mfuti zolembedwa LVLP zimene zimakhuta ndi mpweya wocepa, ngati malita 100 kufikira 150 pa mphindi. Zimayenda pang'onopang'ono, koma pa mipando ndi makabati nchito yake ndi yabwino ndithu.

Tibwere ku magetsi, pakuti nkhani ya Lundazi ndi magetsi njaitali. Kwa zaka zambiri tauniyi inali kudalira magetsi ocokera ku Malawi, kufikira pamene a ZESCO anafikitsa nthambo zazikulu zocokera ku Chipata. Ngakhale zinatero, tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene cilala cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko pa 29 February, madzi anacepa ku Kariba, ndipo m'malo ambiri magetsi anali kuzima maola oposa 17 pa tsiku. Amisiri ambiri a ku Mwase, ku Emusa ndi m'midzi yotalikira mseu alibe magetsiwo n'komwe. Cotero musanafunse mtengo wa makina, dzifunseni kuti adzadya ciani.

M'nyumba ndi m'mashopu ang'onoang'ono mumalowa magetsi a mavoti 230, ochedwa single phase. Makompulesa oposa mahosipawa 3 kawirikawiri amafuna three phase, imene simungaipeze popanda kupempha ndi kulipira. Pali anthu amene anakweza cimakina pa lole kucokera kutali, n'kudzazindikira atafika kuti pulagi yake silowa paliponse m'mudzi wonse. Ngati mudalira jenereta, dziwaninso kuti mota ya kompulesa imafuna mphamvu yoposa katatu pa nthawi imene ikuyamba kuzungulira. Mota ya mahosipawa 2 imadya makilowati 1.5 ikamayenda, koma jenereta yaing'ono imene imayatsa wailesi ya kanema ndi mababu imangobuula ndi kuzima ikayesa kuidzutsa. Pamafunika jenereta ya pafupifupi 5 kVA, ndipo mtengo wake ndi mafuta ake ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa makina. Pali makompulesa okhala ndi injini yaoyao ya petulo. Amenewa ndiwo oyenera kumudzi, malinga injiniyo ikhale panja, kutali ndi nkhungu ya vanishi.

Pali njira inanso imene ambiri saidziwa: makina a HVLP opanda kompulesa, ochedwa turbine. Ndi kabokosi konyamula kumanja kokhala ndi mota youzira mpweya m'paipi yonenepa kupita ku mfuti. Alibe thanki, mpweya wake ulibe madzi kapena mafuta, ndipo jenereta yaing'ono imawakwanitsa cifukwa sabvuta podzuka. Kuipa kwake n'kwakuti sagwira nchito ina iliyonse, pamene kompulesa ingathenso kukhoma misomali ya mpweya ndi kupopa matayala a ngolo ndi njinga, zimene zimabweretsa kangacepe masiku opanda maoda. Zipangizo zake zosinthira nazonso sizipezeka wamba.

Nanga zimakina zazikulu za pa zithunzi zija? Ndinene mwacidule. Pali ochedwa airless, amene sagwiritsa nchito mpweya koma amakankha penti ndi mphamvu yoposa bar 100. Ndi abwino pa makoma a sukulu ndi madenga, koma pa mpando ali ngati kuthirira nazale ya fodya ndi ndowa. Ndi oopsanso, cifukwa penti wotuluka ndi mphamvu yotere angaboole khungu la cala n'kulowa m'kati, ndipo balalo limaoneka laling'ono koma lingadulitse cala ngati munthu sathamangira ku cipatala. Pali ena osakaniza njira ziwirizi, amene kampani ya Kremlin ya ku France inatulutsa m'caka ca 1975 ndi dzina lakuti Airmix. Amenewa ndiwo amakondedwa m'mafakitale a zitseko ndi makabati, ndipo akadzakula maoda anu kufika pa zitseko makumi ambiri tsiku lililonse mudzawaganizire. Cija cacitali ngati basi ndi ca m'fakitale mmene matabwa afulati amayenda pa lamba ndipo mfuti zimapopera zokha. Cimafuna three phase, mpweya wouma wosaleka, katswiri wocikonza, ndi matabwa mazanamazana pa tsiku kuti cibweze ndalama zake. Tsiku limene kacitsulo kamodzi kadzathyoka, mudzadikira miyezi kuti kacokere kutsidya la nyanja.

Posankha mfuti yeniyeniyo, yang'anani kukula kwa kabowo ka kumlomo kwake. Ka mamilimita 1.3 kapena 1.4 ndi ka vanishi wopyapyala ndi lacquer, ka 1.8 ndi ka sanding sealer, uja wotseka timabowo ta thabwa, ka 2.0 kupita m'tsogolo ndi ka penti wolimba woyambira. Gulani mfuti imene milomo yake ndi singano yake zimasinthidwa, ndipo funsani ngati zosinthirazo zili m'sitolo momwemo lero, osati zidzabwera. Mfuti ya kapu yapamwamba imatha vanishi yense ndipo njosabvuta kutsuka, koma ya kapu yapansi imanyamula wambiri. Musaiwale kasefa kocotsa madzi m'mpweya, kokhala ndi koloko yocepetsera mphamvu. Mpweya ukapanikizidwa umatuluka thukuta, makamaka m'dzinja, ndipo dontho limodzi la madzi kapena la mafuta likafika pa citseko limasiya timaenje tonga maso a nsomba. Pansi pa thanki pali kampopi. Katseguleni madzulo alionse kuti madzi atuluke. Thanki imene imagona ndi madzi imacita dzimbiri m'kati, ndipo ikaboka musaiwotcherere. Itayeni, pakuti thanki yowotcherera ikaphulika imapha.

Tsopano ndikambe zimene makina sangacite. Zaka zapitazo ndinagula kabati ya mlombwa kwa mmisiri wina amene anali atangogula kompulesa. Inali yonyezimira kotero kuti amai a kunyumba anali kudziyang'anirapo pomanga duku. Pofika mwezi wa October zitseko zake zinali zitapindika, m'mbali munatseguka ming'alu yolowa cala ca mwana, ndipo vanishi anayamba kufundukuka ngati khungu la njoka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabwawo anacekedwa ndi kukhomedwa asanaume. Thabwa la mpando wa m'nyumba liyenera kuuma kufikira cinyezi cake citatsika pafupi ndi magawo 12 pa 100 alionse, ndipo kacipangizo koyezera cinyezico n'kochipa kuposa mfuti yabwino. Matabwa a paini, kaya acokera ku minda ya ZAFFICO ku Copperbelt kapena ku Chikangawa kutsidya kwa malire, kawirikawiri amafika akali aawisi. Aimikeni pamthunzi ndi timitengo pakati pake kuti mphepo ipite. Paini alinso ndi mfundo zotulutsa utomoni ndipo amamwa vanishi mosiyanasiyana, cotero sealer ngofunika. Mlombwa, mbawa ndi mpapa siyocuruka monga kale, ndipo kuyambira m'caka ca 2023 malonda ake a kunja kwa dziko ali pansi pa pangano la CITES. Thabwa lotere ndi cuma, ndipo kuliononga ndi cangu n'kulakwira amene analidikira zaka makumi ambiri kuti likule.

Ndiponso mfuti sibisa zolakwa, imaziulula. Vanishi wa burashi ngwonenepa ndipo amakwirira zipsera za puleni, koma wopopera ngwopyapyala, kotero mzere uliwonse umaonekera. Kunyezimira kumene mnzanu anaona ku Lusaka, mbali yaikulu ndi nchito ya sandipepa: kuyamba ndi nambala 80, kenaka 120, 180 ndi 220, motsata mitsempha ya thabwa, ndiponso 320 pakati pa kupopera koyamba ndi kwaciwiri. Ngati ndalama zilipo zocepa, makina okwecesera angakupindulitseni msanga kuposa opopera. Nyengo nayonso ili ndi mau ake. M'miyezi ya August ndi September mphepo ndi akamvuluvulu amanyamula fumbi kudzaliika pa vanishi wamuwisi, ndipo mu January cinyezi cimayeretsa lacquer ngati wathiridwa mkaka. Amene amapopera pansi pa mtengo m'mbali mwa mseu amalimbana ndi zonse ziwiri. Kacipinda ka simenti pansi, kowaza madzi musanayambe, n'kofunika monga makinawo.

Pa za madesiki, ganizani kawiri. Madesiki ambiri a masiku ano ali ndi miyendo ya mapaipi acitsulo ndi thabwa pamwamba. Kupopera paipi yopyapyala n'kutaya penti, cifukwa nkhungu yambiri imadutsa m'mbali; pamenepo burashi ikali mfumu. Koma matabwa apamwamba, mukawayala pamzere makumi awiri kapena atatu musanawamange, mfuti imawamaliza pa nthawi imene burashi ikadamaliza asanu. Sankhani vanishi wolimba wa polyurethane, pakuti desiki limakumana ndi thukuta, inki, madzi ndi kampasi ya mwana wotopa ndi masamu. Lacquer amauma pa mphindi 20 kapena 30, n'cifukwa cake okhoma mabokosi a maliro amamukonda, popeza anamfedwa sangadikire mpaka mawa. Koma pa desiki kapena citseko cakunja sakhalitsa.

Nkhani ya moyo ndaisungira kuno kuti muikumbuke. Nkhungu ya vanishi ndi thinazi imalowa m'mapapo ndi m'magazi, imazunguza mutu, ndipo ikapitirira zaka imaononga ciwindi ndi mitsempha. Kansalu komanga pamphuno, ngakhale kaja tinali kubvala m'nthawi ya Covid, kamatseka fumbi lokha. Cofunika ndi cophimba mphuno ndi pakamwa ca labala cokhala ndi zosefera za makala, za mzere wa khofi, ndipo zoseferazo zimatha mphamvu ndi kufuna kusinthidwa. Mukayamba kumva fungo muli cibvalire, zatha. Vanishi wa zitini ziwiri, uja wosakaniza ndi hardener, ali ndi mankhwala ochedwa isocyanate amene amayambitsa cifuwa ca mphumu cosacoka, ndipo munthu akagwidwa naco, kafungo kakang'ono cabe kamamubanika moyo wake wonse. M'maiko mmene malamulo a nchito ali olimba, wopopera vanishi wotere amabvala cisoti colandira mpweya wabwino kucokera kunja kwa cipinda. Ngati mulibe cotere, musamupopere. Ndipo cikhulupiriro cakuti kapu ya mkaka imatsuka penti m'cifuwa n'cabodza; mkaka umapita m'mimba, nkhungu imapita m'mapapo, ndipo njira ziwirizi sizikumana. Vanishi wosungunula ndi madzi ali ndi fungo locepa ndipo sayaka moto msanga. Ngati apezeka, muyeseni, koma cophimba mphuno mubvalebe.

Kunena za moto, nthunzi ya thinazi njolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi ngati madzi, ndipo ingakapeze mbaula imene ili kuseri kwa citseko. Amai ophika nsima ya amisiri asunthire kutali, osuta fodya apite kunja, ndipo ana asaloledwe kudzaonerera, ngakhale nchitoyi imawakopa kwambiri. Kompulesa ikhale kunja kwa cipinda copoperamo, cifukwa mota yake imathetheka podzuka.

Yankho langa kwa inu asanu ndi mmodzi ndi ili. Ngati shopu yanu ili pa boma ndipo muli ndi magetsi, gulani kompulesa ya lamba ya mahosipawa 3, mfuti imodzi yabwino ya HVLP yogwirizana ndi mpweya wake yokhala ndi milomo ya 1.4 ndi 1.8, kasefa ka madzi, paipi yosacepera mamilimita 8 m'kati, ndi zophimba mphuno ziwiri. Ngati muli kumudzi, sankhani pakati pa kompulesa ya petulo ndi turbine. Ndalama zimene zikadapita ku cimakina cacikulu muike pa kacipinda kopoperamo, koyezera cinyezi ndi shedi youmitsira matabwa. Musankhe mmodzi kapena awiri a dzanja lokhazikika kuti akhale eni mfutiyo, ndipo ngati kungatheke mmodzi akaone mmene amaphunzitsira ku Chipata Trades kapena kwa wopenta magalimoto wodziwa. Dzanja liyenera kuphunzira kuyenda molunjika, masentimita 15 kufikira 20 kucokera pa thabwa, mzere uliwonse kukwirira theka la unzake, ndipo limaphunzirira pa makatoni, osati pa citseko ca mwini.

Tsiku lokagula, nyamulani zidutswa ziwiri za thabwa zokwecesa kale, cina ca paini cina ca mlombwa, pamodzi ndi katini ka vanishi amene mumagwiritsa nchito. Pemphani wogulitsa alumikize mfutiyo ku kompulesa yomweyo imene afuna kukugulitsani, akoke kacitsulo kwa mphindi ziwiri osaleka, inu muli kuyang'ana koloko ya mpweya. Ngati muvi wake utsika osabwereranso, kompulesayo yacepa. Lisiti ndi pepala la citsimikizo zilembedwe m'dzina la kagulu, osati la amene wanyamula ndalama.

Sabata yamawa tidzakamba za kaumitsidwe ka matabwa m'nyengo ya mvula, popeza owerenga a ku Katete ndi ku Petauke afunsa za nkhaniyi.